Ophunzira amene amapita ku Ireland pa tchuthi: amakaphunzira chiyani?

Ngati munagulitsapo mbatatesi pa msika wa Lizulu kapena ku Dedza, munamvapo ogula akufunsa kuti, "Ayirishiyu mukugulitsa bwanji?" Mawu akuti ayirishi akuchokera ku dzina la dziko. Dzikolo ndi Ireland.

Chaka chilichonse, ophunzira a m'mayunivesite a m'mayiko osiyanasiyana amapita ku Ireland pa tchuthi chawo chachikulu. Sapita kukafuna ganyu ayi. Amapita kukaphunzira mbiri ya dzikolo, chiyankhulo chake, nyimbo, magule ndi nthano. Amalipira ndalama zambiri kuti akachite zimenezi.

Mwina mukudabwa: munthu n'kukwera ndege kukaphunzira nthano za eni ake? Nkhani ino ikufotokozerani mmene maphunzirowa amayendera, zimene ophunzira amakamva kumeneko, komanso ngati mwana wa kuno ku Angónia angapiteko.

Ireland ili kuti?

Ireland ndi chilumba, kutanthauza dziko lozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Chili kumadzulo kwa Ulaya, pafupi ndi Britain. Chilumba chonsecho n'chaching'ono poyerekeza ndi chigawo chathu cha Tete.

Chilumbachi chinagawidwa pawiri. Gawo lalikulu ndi dziko loima palokha, ndipo likulu lake ndi Dublin. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti muli anthu opitirira 5 miliyoni. Gawo laling'ono la kumpoto limatchedwa Northern Ireland. Limeneli lili pansi pa ufumu wa Britain, ndipo mzinda wake waukulu ndi Belfast.

Anthu a ku Ireland analamulidwa ndi Angerezi kwa zaka mazanamazana. Gawo lalikulu lija linayamba kudzilamulira mu 1922. Ife a ku Mozambique tinalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi mu 1975. Ndiye mukuona kuti nawonso amaudziwa utsamunda, ngakhale ali azungu.

Kumeneko mvula imagwa chaka chonse, ndipo msipu wa ng'ombe ndi nkhosa suuma. Nyengo zawo n'zosemphana ndi zathu. Mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ife tikuwotha moto chifukwa cha chisanu, iwo amakhala ali m'nyengo yofunda. Mu Juni kunja kumayera mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Imeneyi ndiyo nthawi imene mayunivesite amatseka, ndipo maphunziro a pa tchuthi amayamba.

Maphunzirowa amayenda bwanji?

Maphunzirowa ndi aafupi. Ambiri amatenga milungu itatu kapena inayi. Amachitikira m'mayunivesite monga University of Galway, University College Cork, University of Limerick ndi University College Dublin. Wophunzira sasiya yunivesite yake ya kwawo. Amangopita pa tchuthi, kenako n'kubwerera.

Ophunzira ambiri amachokera ku United States. Chifukwa china n'chakuti anthu ambiri a kumeneko makolo awo akale anachokera ku Ireland, ndiye zidzukulu zimafuna kuona kumene agogo awo anabadwira.

Masiku ena ophunzira amakhala m'kalasi kumvetsera aphunzitsi. Wina amasankha mbiri yakale, wina mabuku a alembi a dzikolo, wina nyimbo, wina chiyankhulo. Masiku ena amakwera basi kukaona ndi maso zimene anamva m'kalasi. Pomaliza amalemba mayeso kapena nkhani yaitali, ndipo malikisi ake amatumizidwa ku yunivesite ya kwawo.

Malo amene alendo otere amakonda kukaona ndi monga awa. Ku Trinity College, mu Dublin, kuli buku lotchedwa Book of Kells. Muli Mauthenga Abwino anayi olembedwa ndi manja pa zikopa za ana a ng'ombe cha m'ma 800. Ku Newgrange kuli manda aakulu amiyala amene anamangidwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Ku Sligo kuli sukulu ya pa tchuthi yophunzira ndakatulo za W. B. Yeats, mlembi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1923. Sukuluyi yakhala ikuchitika kuyambira mu 1960.

Phunziro loyamba: njala ya mbatatesi

Palibe amene angaphunzire mbiri ya Ireland osamva za njala yaikulu ya mu 1845 mpaka 1852. Inu alimi a mbatatesi, nkhani iyi muimva msanga kuposa ophunzira a ku yunivesite.

Mbatatesi kwawo kwenikweni si ku Ireland. Inachokera ku mapiri a Andes, ku South America. Koma itafika ku Ireland inakhala chakudya cha amphawi, monga mmene nsima ilili kwa ife. Amphawiwo analibe minda yawoyawo. Ankabwereka timinda kwa eni malo olemera. Tirigu ndi ziweto zinkapita kolipira lendi, ndipo banja linkadya mbatatesi m'mawa, masana ndi madzulo. Ambiri ankabzala mtundu umodzi wokha wotchedwa Lumper, chifukwa unkabereka kwambiri ngakhale m'nthaka yoguga.

Mu 1845 kunabwera chiwawu. Ndi matenda omwe aja amene amagwira mbatatesi ndi matimati kuno mvula ikachuluka. Masamba amada, mbatatesi n'kuwolera pansi. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala opopera. Popeza ambiri ankabzala mtundu umodzi, minda yambiri inagwidwa. Matendawo anabwerera chaka ndi chaka.

Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda. Enanso opitirira 1 miliyoni anakwera zombo kuthawira ku America, ku Canada ndi ku Britain. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi yomweyo zombo zina zinkatuluka m'dzikomo zitanyamula chakudya kukagulitsa kunja. Amphawi analibe ndalama zogulira. Njala isanabwere, pachilumbapo panali anthu opitirira 8 miliyoni. Mpaka lero chiwerengero sichinabwerere pamenepo.

Ku Strokestown kuli nyumba yosungirako mbiri ya njalayi. Muli makalata amene anthu anjala ankalembera mwini malo kupempha chithandizo.

Phunziro lachiwiri: chiyankhulo chimene chinatsala pang'ono kufa

Anthu ambiri a ku Ireland lero amayankhula Chingerezi. Koma ali ndi chiyankhulo chawochawo. Eni ake amachitcha Gaeilge, ife tinganene kuti Chiayirishi. N'chosiyana kwambiri ndi Chingerezi. Polandira mlendo amati "fáilte". Pothokoza amati "go raibh maith agat".

Njala ija inapha kwambiri amphawi a kumadzulo ndi kummwera, amene ndiwo ankayankhula Chiayirishi. Otsala anayamba kuona chiyankhulo chawo ngati cha umphawi. Makolo ankati mwana adziwe Chingerezi kuti akapeze ntchito ku America. Sukulu za boma, zimene zinayamba mu 1831, zinkaphunzitsa m'Chingerezi. M'madera ena mwana ankavekedwa kamtengo m'khosi. Akayankhula Chiayirishi ankalemba kamzere pa kamtengopo, ndipo pambuyo pake ankamenyedwa malinga ndi mizereyo. Akuluakulu ena kuno amakumbukira zofanana ndi zimenezi, kulangidwa chifukwa choyankhula Chinyanja pa sukulu m'malo mwa Chipwitikizi.

Mu 1893 anthu ena anakhazikitsa bungwe lotchedwa Conradh na Gaeilge kuti chiyankhulocho chisafe. Mtsogoleri wake woyamba anali Douglas Hyde, amene mu 1938 anadzakhala pulezidenti woyamba wa Ireland. Bungweli linatsegula makalasi a madzulo a anthu akuluakulu. Aphunzitsi ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi. Alimi ndi antchito ankabwera ataweruka, n'kumaphunzira kuwerenga ndi kulemba chiyankhulo cha makolo awo. Zinali ngati zimene mukuchita inuzi.

Aphunzitsiwo anafunika maphunziro nawonso. Choncho mu 1904 anatsegula sukulu yoyamba ya Chiayirishi ya pa tchuthi ku Ballingeary, m'dera la Cork. Mwambo wopita kukaphunzira chiyankhulo pa tchuthi unayambira pamenepo.

Lero malamulo aakulu a dziko, amene analembedwa mu 1937, amati Chiayirishi ndicho chiyankhulo choyamba cha boma. Ana amachiphunzira ku sukulu. Chili ndi wailesi yake kuyambira mu 1972, ndi kanema wake kuyambira mu 1996. Koma tamvani izi. Pa kalembera wa mu 2022, anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anati amatha kuchiyankhula. Amene amachiyankhula tsiku lililonse kunja kwa sukulu anali pafupifupi 72,000 okha. Boma layesetsa kwa zaka 100, koma chiyankhulo chikachoka pakhomo, kuchibweza n'kovuta.

Kugona m'nyumba ya eni chiyankhulo

Madera amene anthu akuyankhulabe Chiayirishi pakhomo amatchedwa Gaeltacht. Ambiri ali m'mbali mwa nyanja ya kumadzulo, ku Donegal, Mayo, Galway ndi Kerry. Ofuna kuphunzira chiyankhulo amapita kumeneko.

Ana a sekondale a mu Ireland momwemo amapita kwa milungu iwiri kapena itatu. Ophunzira ochokera kunja ali ndi maphunziro awo, monga amene University of Galway imachititsa m'mudzi wa An Cheathrú Rua. Akuluakulu, ngakhale amene sali pa yunivesite, amapita ku Oideas Gael, sukulu imene inayamba mu 1984 ku Donegal.

Ambiri sagona ku hotela. Amagona m'nyumba za anthu a m'mudzimo. Mayi wa pakhomo amatchedwa "bean an tí". Amawaphikira, amadya nawo, ndipo amawayankhula m'Chiayirishi. Ukafuna mchere pa tebulo, uupemphe m'chiyankhulo chimenecho. M'sukulu zina za ana, wopezeka akuyankhula Chingerezi amabwezedwa kwawo. Madzulo kumakhala gule wa onse pamodzi wotchedwa céilí.

Mabanja olandira ophunzirawa amalipidwa. Chiyankhulo chimene kale ana ankamenyedwera, lero chikubweretsa ndalama pakhomo.

Nyimbo ndi masewera

Ophunzira ena amatsata nyimbo. Ku Ireland kuli zeze wamkulu wa nsambo zambiri amene chithunzi chake chili pa ndalama zachitsulo za dzikolo. Kuli ng'oma yopyapyala ya chikopa cha mbuzi yotchedwa bodhrán. Kulinso zitoliro zotchedwa uilleann, zimene woimba sauzira ndi pakamwa, koma amapopa mpweya ndi chigongono.

M'tauni yaing'ono ya Miltown Malbay mumachitika sukulu ya nyimbo mu Julayi, kuyambira mu 1973. Inatchedwa dzina la Willie Clancy, katswiri wa zitoliro wa m'tauniyo. Nyimbo zambiri amaphunzira ndi khutu: wamkulu aimba, wamng'ono atsanzira, monga mmene mnyamata amaphunzirira ng'oma kuno.

Pa masewera ali ndi hurling. Osewera amamenya kampira kakang'ono ndi ndodo zophwatalala kumapeto. Bungwe loyang'anira masewera a makolo, la GAA, linayamba mu 1884. Osewera salandira malipiro, amasewerera dera la kwawo. Koma pa mpikisano womaliza, bwalo la Croke Park mu Dublin limadzaza ndi anthu opitirira 80,000.

Bungwe la UNESCO linaika zitoliro zija pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2017, hurling mu 2018, ndi zeze uja mu 2019.

Makope a ana a sukulu

Pali chinthu china chimene ophunzira a nthano amakawerenga, ndipo n'chimene ine ndimakonda kufotokozera aphunzitsi a sukulu za akuluakulu.

Kuyambira mu 1937 mpaka 1939, ana opitirira 50,000 a m'sukulu za pulayimale pafupifupi 5,000 anapatsidwa ntchito. Anauzidwa kuti apite kwa agogo awo ndi kwa anansi okalamba, akafunse zakale, n'kulemba m'makope. Analemba nthano, miyambi, zilapi, mankhwala azitsamba, mayina a minda ndi zitsime, masewera a ana, ndi zimene okalamba anamva za njala ija. Ankalembanso dzina la wofotokoza ndi mudzi wake.

Okalamba amenewo anamwalira kalekale. Makopewo alipobe. Akusungidwa ku University College Dublin, ndipo anawajambula n'kuwaika pa intaneti. Munthu wa ku America amatha kupeza nthano imene agogo a agogo ake anafotokoza. Maprofesa amawerenga zolemba za ana a zaka 12. Anawo sanali akatswiri. Ankangodziwa kugwira cholembera ndi kumvetsera.

Kodi mwana wa kuno angapiteko?

Tinene zoona. Maphunziro a pa tchuthi aja ndi okwera mtengo. Ku Ireland amagwiritsa ntchito ndalama ya yuro, ndipo sukulu, malo ogona ndi tikiti ya ndege zimafika mayuro masauzande angapo. Wophunzira amafunikanso kudziwa bwino Chingerezi, kukhala ndi pasipoti, ndi kupeza viza ya Ireland. Viza ya ku Portugal siigwira ntchito kumeneko.

Koma pali khomo lina. Boma la Ireland lili ndi ofesi ya kazembe ku Maputo kuyambira mu 1996. Lilinso ndi maofesi otere ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Kuno ku Mozambique lakhala likuthandiza pa zaumoyo ndi zamaphunziro, makamaka m'zigawo za Niassa ndi Inhambane. Limaperekanso bolsa, kutanthauza thandizo lolipirira maphunziro, yotchedwa Ireland Fellows Programme. Anthu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amaloledwa kupempha.

Bolsa imeneyi si ya tchuthi. Ndi ya maphunziro a mestrado, a chaka chimodzi. Wopempha ayenera kukhala atamaliza digiri yoyamba, imene kuno timati lisensiyatura. Ayenera kukhala atagwirapo ntchito zaka zingapo, ndiponso kukhoza mayeso a Chingerezi. Akasankhidwa, boma la Ireland limalipira sukulu, ulendo ndi ndalama zodyera. Akamaliza amabwerera kudzagwira ntchito kwawo. Malo ndi ochepa ndipo opempha ndi ambiri.

Choncho ngati mwana wanu ali pa yunivesite, kaya ku UniZambeze ku Ulónguè kapena kwina, muuzeni alimbikire Chingerezi kuyambira tsopano. Zofunika zimasintha chaka ndi chaka, ndiye aziona yekha zimene ofesi ya kazembe yalengeza.

Chenjerani ndi akuba. Kupempha bolsa imeneyi n'kwaulere. Munthu akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti mutumize ndalama pa foni kuti mwana wanu alembedwe, musatumize. Musagulitse ng'ombe kapena matumba a mbatatesi chifukwa cha lonjezo la pa foni. Muonetseni uthengawo mphunzitsi amene mumamukhulupirira, ndipo mufunse ku ofesi ya kazembe yeniyeniyo.

Nanga kwathu kuno?

Nkhani ya chiyankhulo chotayika si yachilendo kwa ife. Dzina lakuti Angónia likuchokera kwa Angoni, amene anafika kuno kuchokera kummwera m'zaka za m'ma 1800. Anabwera ndi chiyankhulo chawo. Lero zidzukulu zawo zimayankhula Chinyanja. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mayina a mfunda ndi m'mawu owerengeka. Ambiri amaimba nyimbozo osadziwa tanthauzo lake.

Chinyanja chathu chili ndi mphamvu. Chimayankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri ku Mozambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997, boma linayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri, ndipo kuno ku Tete anayesera Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi. Mu 2003 maphunziro otere anayamba m'sukulu zina za pulayimale m'dziko muno. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, zaka 12 zitoliro za ku Ireland zisanalowe pa mndandanda. Mu Ogasiti, Achewa a mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba, ndipo alendo ochokera kutali amabwera kudzaonera.

Mwana aphunzire Chipwitikizi ndi Chingerezi, n'zofunika ndithu. Makolo a ku Ireland sanalakwe kufuna kuti ana awo apeze ntchito. Vuto linali lakuti anasiya kuyankhula nawo chiyankhulo cha pakhomo.

Chimene chingatayike msanga kuno ndi zimene zili m'mitu ya okalamba. Inu tsopano mukutha kulemba. Mukhoza kuchita zimene anachita ana aja. Gulani kope limodzi. Pitani kwa agogo, muwapemphe chilolezo, kenako muwafunse chinthu chimodzi: nthano, mayina a mbewu zakale, chaka cha njala, kapena mmene anthu anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ndi mmene anabwererera. Lembani tsiku, mudzi ndi dzina la wofotokoza. Lembani mawu monga mmene iwo anenera, osawakonza. Zachinsinsi za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, zimenezo zisiyeni. Mukalakwitsa kalembedwe musadandaule, mphunzitsi wanu adzakuthandizani. Kopelo lisungeni mu pulasitiki, pamalo posafika chiswe.

Mawu oti muwakumbukire

Chilumba: dziko lozunguliridwa ndi madzi.

Kalembera: kuwerenga anthu onse a m'dziko.

Gaeilge: chiyankhulo cha makolo a anthu a ku Ireland.

Gaeltacht: dera limene anthu akuyankhulabe Gaeilge pakhomo.

Viza: chilolezo cholowera m'dziko la eni, chimene chimaikidwa mu pasipoti.

Bolsa: thandizo lolipirira maphunziro.

Kambiranani ndi anzanu

1. N'chifukwa chiyani chiwawu chinapha anthu ambiri chonchi ku Ireland? M'munda mwanu muli mbewu za mitundu ingati?

2. N'chiyani chinachititsa makolo a ku Ireland kusiya kuyankhula Gaeilge ndi ana awo?

3. Ndi mawu ati a Chingoni amene mukuwadziwa? Lembani asanu pamodzi ndi matanthauzo ake.

4. Ophunzira ochokera kunja atabwera m'mudzi mwanu kwa milungu itatu, mungawaphunzitse chiyani? Angagone kwa yani?